Musanagulitse Ng'ombe: Zimene Ndinaona pa Yunivesite ya Privada

Mwezi wathawu mlongo wanga anandipeza m'mamawa ndili pakhonde, atanyamula kapepala kowala kamene mwana wake anatola ku Ulongwe. Pakapepalapo panali anyamata ndi atsikana ovala mikanjo yakuda ndi zipewa zamakona anayi, onse akumwetulira. Mnyamata wakeyo anamaliza kalasi 12, koma pa mayeso olowera ku yunivesite ya boma dzina lake silinatuluke. Tsopano mtima wake uli ku mayunivesite aja timangoti a privada, ndipo amake akuganiza zogulitsa ng'ombe ziwiri mwa zinayi zimene malemu alamu anga anasiya m'khola.

"Acimwene, inu munaphunzira kumeneko," anatero. "Ndigulitse?"

Ndinamupempha kuti andipatse sabata imodzi. Funso limeneli si la nyumba yathu yokha. Kuyambira ku Domwe mpaka ku Tsangano, fodya ndi mbatatesi zikangogulitsidwa, makolo ambiri amakhala pansi n'kumawerengera ngati ndalamazo zingakwanire propina, ndalama ija yolipira sukulu mwezi ndi mwezi. N'cifukwa cake yankho limene ndinapatsa mlongo wanga ndaliika pano, kuti ena alione, ndipo alitsutse ngati lili lolakwa.

Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Pamene ndinkagwira nchito m'tauni ndinaphunzira zaka zinayi pa yunivesite ina ya privada, m'makalasi a madzulo amene amati pós-laboral. Ndinatuluka ndi licenciatura, ndinacoka pa N3 n'kufika pa N1, malipiro anakwera, ndipo malata amene ali padenga langa anacokera pamenepo. Conco sindikulankhula ngati munthu amene anamanidwa. Dzina la sukuluyo sindilinena, cifukwa zimene ndinaona kumeneko anzanga amene anaphunzira kwina amazisimbanso cimodzimodzi.

Tiyambe ndi cabwino, cifukwa cilipo. Yunivesite yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa mu 1962 ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, ndipo ana a anthu akuda amene analowamo nthawi ya atsamunda anali owerengeka. Mu 1976 inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Mu 1985 kunabwera sukulu ya ukacenjede ya aphunzitsi, imene pambuyo pake inakhala Universidade Pedagógica, ndipo mu 1986 kunabwera ina ya zaukazembe. Zonsezi zinayambira ku Maputo komweko, mtunda wa makilomita oposa 1,500 kucokera kuno. Ambirife panthawiyo tinali titathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu cifukwa ca nkhondo, ndipo za yunivesite tinkangozimva ngati nthano. Nkhondo itatha mu 1992, lamulo la 1993 linalola kuti mipingo ndi anthu wamba atsegule sukulu za ukacenjede. Pofika 1996 kunali ISPU ndi ISCTEM ku Maputo, ndiponso Universidade Católica, imene inayambira dala ku Beira ndi ku Nampula kuti anthu a pakati ndi kumpoto asamangoyang'ana kumwera; pambuyo pake inatsegula maphunziro a zaulimi ku Cuamba. Boma nalo linasendera kufupi: Instituto Superior Politécnico de Tete mu 2005, kenako UniZambeze ndi nthambi yake ya zaulimi pa Ulongwe pomwepa. Lero sukulu za ukacenjede zapitirira 50, ndipo zambiri mwa izo si za boma. Popanda zimenezi, ine ndi aphunzitsi anzanga ambiri tikanadzapuma nchito tili pa N3. Khomo linatseguka ndithu. Nkhani yanga ndi ya zimene munthu amapeza akalowa pakhomopo.

Yunivesite ya privada imakhalira propina. Ndalama za magetsi, za lendi, za aphunzitsi, zonse zimacokera m'thumba la wophunzira. Aliyense amene wakhala pa desiki ndi ndalama ya mwezi umenewo, ndipo amene walephera n'kusiya sukulu ndi ndalama yotayika. Izi pazokha si mlandu, pakuti ngakhale cigayo cimakhalira ndalama za ogaitsa. Koma mwini cigayo akatipatsa ufa wa misere timauona pomwepo n'kudandaula. Maphunziro a misere saoneka tsiku lomwelo. Amaoneka patapita zaka, ng'ombe zija zitadyedwa kale.

Ambiri mwa amene ankatiphunzitsa ankalipidwa pa ola. Munthu wolipidwa pa ola sangadalire sukulu imodzi, conco m'mawa amakhala ku yunivesite ya boma kapena ku ofesi, masana ku privada ina, madzulo kwathu. Aphunzitsi otere m'dziko muno timawati ma turbo. Phunziro la 6 koloko madzulo linkayamba ca m'ma 7, mphunzitsi akulowa ali wefuwefu, foni ikulira m'thumba, ndipo ola lisanathe anali atayamba kale kuyang'ana nthawi. Sindiwaimba mlandu kwambiri anthu amenewa. Nawonso ali ndi ana ofuna kudya, ndipo ankatiuza okha kuti miyezi imene sukulu yatsekera salandira kanthu. Koma mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu. Cimene cimatayika m'kuthamanga kumeneku ndi nthawi yowerenga zimene wophunzira walemba. Ena mwa iwo anali atangolandira licenciatura yawo caka cimodzi kapena ziwiri m'mbuyomo, ndipo ankatiwerengera makope amene iwo analembera ali ophunzira.

Kaphunzitsidwe kanali kamodzi pafupifupi m'maphunziro onse. Sabata yoyamba mphunzitsi ankagawa mitu n'kutiika m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Kuyambira pamenepo gulu lililonse linkaimirira tsiku lake kufotokoza mutu wake, iye atakhala kumbuyo. Amati njira imeneyi imaika wophunzira patsogolo, ndipo ikayendetsedwa bwino imathandizadi. Koma kwa ife inkatanthauza kuti osadziwa akuphunzitsidwa ndi osadziwa anzawo, onse atalipira. M'gulu lathu wolemba anali mmodzi, amene anali ndi kompyuta. Enafe tinkasonkha ndalama ya fotokope n'kuika maina pacikuto. Zolembazo zinkacokera pa intaneti, kawirikawiri zolembedwa ndi anthu a ku Brazil, poti nawo amalemba Cipwitikizi. Ndikukumbukira tsiku limene gulu lina linafotokoza kwa theka la ola mavuto a masukulu a ku São Paulo ndi malamulo a kumeneko, pa mutu wonena za maphunziro a m'Moçambique. Tinawaombera m'manja, ndipo anapatsidwa 14. Laibulale inalipo, kacipinda ka mashelefu atatu, koma inkatsekedwa nthawi yomwe ife a madzulo tinkafika.

Kwa ana a kuno kumalire pali vuto lina limene a m'tauni saliona. Mwana wa ku Domwe amakula ndi Cinyanja, wailesi imene imalira pakhomo nthawi zambiri ndi ya ku Malawi, ndipo Cipwitikizi amakumana naco m'kalasi mokha. Ku pulayimale boma linazindikira zimenezi: Cinyanja cinayesedwa m'masukulu ena a m'cigawo ca Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'ndondomeko ya boma. Koma ku yunivesite palibe amene anatifunsapo ngati timamva zimene tikuwerenga. Phunziro la kalembedwe linalipo semesita imodzi, nalonso la magulu. Conco tinkaloweza ziganizo zazitali za Cipwitikizi ngati katekisimu. Usiku wina tikubwerera kunyumba, titalemba mayeso a za Piaget ndi kakulidwe ka nzeru za mwana, ndinauza mnzanga kuti andifotokozere m'Cinyanja zimene walemba, ngati kuti akuuza amayi ake. Anaseka, anayesa, analephera. Anandibwezera funsolo, nanenso ndinalephera. Mayesowo tonse awiri tinakhoza. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti cinthu cimene sungathe kucinena m'cilankhulo cako sunacimvetse.

Malikisi kuno amayambira 0 mpaka 20, ndipo wopeza 10 wakhoza. Tsiku la mayeso pakhomo pankaima munthu ndi mndandanda m'manja, ndipo mndandandawo unali wa anthu a ngongole. Amene sanamalize propina ankabwezedwa ngakhale akhale wanzeru cotani. Amene walipira n'kulakwa anali ndi recorrência, mayeso obwereza olipiranso, ndipo amene anagwa pa recorrência ndingawawerenge pa dzanja limodzi. Tinayamba tili ambiri, tinamaliza tili ocepa, koma onse amene ndikuwakumbukira kuti anasiyira panjira anasiya cifukwa ca ndalama. Malikisi ankangomatidwa pakhoma pa pepala limene amati pauta. Mapepala athu enieniwo sitinkawaonanso, conco wopeza 11 sankadziwa cimene walakwa, ndipo wopeza 16 sankadziwa cimene wakhoza.

Caka comaliza ndi ca monografia, kabuku ka kafukufuku kamene wophunzira amalemba yekha n'kukakaikira kumbuyo pamaso pa aphunzitsi atatu. Apa ndi pamene maphunziro a zaka zinayi amayenera kuonekera. Wondiyang'anira ine anali ndi ophunzira ambiri moti ndinakumana naye katatu kokha, kamodzi pamalo oimika galimoto. Pafupi ndi pocitira fotokope panali anyamata amene ankalembera anthu monografia pa mtengo, ndipo aliyense ankawadziwa. Vuto limeneli si la privada zokha. Mu 2015 bungwe la IESE linasindikiza kafukufuku wa Peter Coughlin, amene anaunika mabuku 150 otere, a licenciatura ndi a mestrado, ocokera m'mayunivesite asanu a dziko lino, a boma ndi a privada omwe. Anapeza kuti 75 pa 100 alionse anali ndi mawu ambiri okopedwa kwa ena popanda kunena eni ake. Nditamva ciwerengeroci sindinadabwe, cifukwa yanga ikanagwera m'gulu lomwelo. Sindinagule, koma mutu waciwiri ndinausoka ndi zigamba za zolemba za anthu ena. Tsiku loiikira kumbuyo, ondiyesa anandifunsa za cikuto, za mipata ya m'mbali mwa tsamba ndi za mndandanda wa mabuku. Anandipatsa 15. Kumudzi anandilandira ndi nthungululu, ndipo mpaka lero ena amanditi adotolo, monga mwa cizolowezi cathu kwa aliyense wa licenciatura. Ndimavomera, koma mumtima ndimaudziwa mutu waciwiri uja.

Wina anganene kuti ndi propina ya anthu osauka simungayembekezere zoposa izi. Ndikanavomera ndikanakhala kuti sindinakumane ndi amayi ena amene anatiphunzitsa kaphunzitsidwe ka kuwerenga m'caka caciwiri. Nawonso ankalipidwa pa ola, m'cipinda comweco, ndi coko comweco. Ankafika nthawi isanakwane. Za magulu anakana. Anatiuza kuti aliyense abwere ndi makope atatu a ana a m'kalasi mwake, ndipo tinkakhala ndi makopewo kufufuza cifukwa cimene mwana wolankhula Cinyanja amasinthanitsa l ndi r polemba Cipwitikizi, kapena amalowetsa lembo lina pakati pa p ndi r m'mawu ngati prato. Zimene tinkalemba ankazibweza sabata yotsatira zitafiira ndi inki, ndi funso m'munsi mwake. Pa mayeso oyamba ambiri tinagwa. Tinakwiya. Tinati ife ndife anthu akuluakulu a mabanja, tikulipira, sitinabwere kudzazunzidwa. Tinalemba kalata yodandaula kwa akuluakulu a sukulu, ndipo dzina langa linali lacisanu pa kalatayo. Semesita anaimaliza, koma caka cotsatira sanapatsidwenso maola.

Lero zimene ndimagwiritsa nchito m'kalasi mwanga tsiku ndi tsiku ndi za semesita imodzi ija. Za maphunziro ena onse ndatsala ndi mafotokope amene ciswe cikudya m'katoni. Nkhani ya amayiwa inandiphunzitsa ziwiri. Coyamba, kuphunzitsa bwino kumafuna mphunzitsi amene ali ndi nthawi yowerenga zolemba zako, ndiponso mphamvu yokuuza kuti walakwa popanda kuopa kucotsedwa nchito. Nyumba ya magalasi ndi ya pambuyo. Caciwiri, sukulu imagulitsa cimene ogula akufuna. Ife tinkafuna pepala lotifikitsa pa N1 mwamsanga ndi mosavutikira, ndipo tinapatsidwa. Mlandu wa eni sukulu ndi waukulu, cifukwa anasankha propina yathu n'kutaya mphunzitsi wawo wabwino koposa. Koma kalata ija tinalemba ndife.

Zimenezi zimabwerera kumudzi. Mlangizi amene adzatiuze za feteleza wa cimanga cathu, namwino wa pacipatala, mphunzitsi wa adzukulu athu, ambiri akudutsa m'zipinda zonga zimene ndafotokozazi. Amene sapeza nchito amabwera kudzakhala pakhonde ndi diploma m'sutikesi, khola lili pululu, khasu sakulifunanso.

Boma lili ndi bungwe loyang'anira ubwino wa maphunzirowa, CNAQ, limene linakhazikitsidwa mu 2007, ndipo limaunika masukulu ndi makosi awo. Ndi bwino kuti lilipo, ndipo kholo lizidziwa kuti cilolezo cotsegulira sukulu, cimene amati alvará, n'cosiyana ndi kuvomerezedwa kwa kosi imene mwana akufuna. Koma oyendera amabwera masiku ocepa, atadziwitsa kale, ndipo sangakhale m'kalasi Laciwiri lililonse 7 koloko madzulo. Maso amene angaone zimenezo ndi athu.

Pamsika palibe amene amagula ng'ombe poona cithunzi. Timaiyang'ana mano, timaiyendetsa, timafunsa anthu a kumene yacokera. Koma pa sukulu yoti idye ng'ombe ziwiri timakhulupirira kapepala kowala, conseco akulu anatiuza kale za cikomekome ca mkuyu. Ndiye ndikuti musanagulitse, pitani nokha, tsiku la maphunziro, nthawi yomwe mwana wanu azidzaphunzira. Ku secretaria funsani ngati kosiyo ndi yovomerezedwa ndi CNAQ, ndipo akuonetseni pepala lake. Funsani kuti mwa aphunzitsi a kosiyo ndi angati amene amagwira nchito pasukulupo pokha. Akuwerengereni ndalama zonse za zaka zinayi: matrícula, propina, cindapusa ca wocedwa kulipira, recorrência, monografia, mpaka mkanjo wa tsiku lomaliza. Kenako tulukani panja mukapeze ophunzira a caka cacitatu, amene alibe cobisa. Afunseni kuti aphunzitsi amafika nthawi yanji, ndiponso kuti estágio, maphunziro a pamalo a nchito, amakacitira kuti. Ndipo apempheni cinthu cimodzi: akuonetseni pepala lawo limene mphunzitsi anaconga n'kulembapo ndemanga. Kuona inki yofiira sikufuna Cipwitikizi. Mukaipeza pa mapepala a maphunziro angapo, sukuluyo ili ndi aphunzitsi. Akayamba kuyang'anana n'kumaseka, mwayankhidwa. Musacite manyazi poti simunapite patali ndi sukulu. Ndalama ndi zanu, ndipo safunsa anadya phula.

Kwa eni masukuluwa pempho langa ndi laling'ono. Lembani aphunzitsi ena okhazikika, muziwalipira ndi nthawi yoconga yomwe. Bwezani mapepala a ophunzira. Tsegulani laibulale madzulo. Ana ocokera kumidzi, m'caka cawo coyamba, muwapatse munthu woti awaphunzitse kuwerenga ndi kulemba Cipwitikizi ca m'mabuku, m'malo mongolandira ndalama zawo n'kuwasiya aziloweza. Ndipo mphunzitsi akagwetsa ophunzira amene sanawerenge, muime naye.

Sabata itatha ndinapita kwa mlongo wanga. Ndinamuuza kuti ng'ombe zikhale kaye m'khola. Mnyamatayo alime nafe dzinja lino, awerenge, adzayesenso mayeso olowera ku UniZambeze pa Ulongwe, pamene angamaphunzire akudya nsima ya kwawo. Zikadzakanika, tidzakwera galimoto ine ndi iye, ulendo ndilipira ine, tikaone privada ziwiri kapena zitatu ndi mafunso amene ndalembawa. Tikakapeza kumene mapepala amabwerera ndi inki yofiira, ng'ombe yoyamba ndidzaiperekeza ndekha kumsika.

Mlongo wanga anavomera. Mnyamatayo sanakondwe. Akuti amalume akhuta, ndiye akunena kuti nsima ndi yoipa, ndipo masiku ano tikakumana panjira moni wake ndi wa pakhosi. Ndamutumizira mapepala anga a semesita ya amayi aja, ofiira aja, kuti aone cimene ndikufuna kuti ng'ombe za atate ake zigule. Mpaka lero sanawabweze, ndipo sananene kanthu.